Kamphira ka a Daka

Apongozi anga a Daka anamwalira mwezi watha, m'mawa, atangomaliza kumwa tiyi ndi kudandaula kuti shuga ndaika wochepa. Anali atadwala nthawi yaitali, choncho imfa yawo sinatidzidzimutse. Chimene chinatisowetsa mtendere pa maliro onse chinali geti. Aliyense wa m'nyumba mwathu, ngakhale akulira, diso limodzi linali ku geti kuyang'ana ngati ba Muleya alowe. Ba Muleya anali mnzawo wa pamtima wa apongozi kuyambira pa unyamata, koma panali patapita zaka zambiri asanapondenso pabwalo pathu, ndipo komboni yonse ya Malota inkadziwa chifukwa chake. Ine ndinkaphika kuseri ndi azimayi a mpingo, koma galimoto ikangoima kunja ndinkasiya mthiko n'kusuzumira. Ndinkadziwa kuti akapanda kubwera, ndiye kuti apongozi alowa m'manda mlandu wawo usanathe, ndipo manyazi ake atsala ndi ife.

Dzina lawo sindinalitchulepo ali moyo, mpongozi satero. Ndinkangoti atate, iwo n'kumati amake Chisomo, ndipo tinkalankhulana nditagwada chapatali monga amachitira kwathu ku Katete. Anthu a m'tauni ya Livingstone ankawatchula ba Daka wa oyilo. Anachoka ku Petauke ali mnyamata, anagwira ntchito m'magalaji a malole mpaka imvi zinayamba, kenako anabweretsa zipangizo zawo pansi pa mtengo wa mango pakhomo pano. Ankakonza chilichonse cha galimoto, koma mbiri yawo inali pa chinthu chimodzi: kupeza pamene oyilo akudonthera.

Ndinawadziwa a Daka awiri, waphokoso ndi wachete, ndipo kunena zoona woyambayo ankatichititsa manyazi kwambiri. Munthu uja sankayenda choyang'ana kutsogolo. Maso awo ankakhala pansi pa magalimoto a anthu. Popita ku tchalitchi, atavala suti, ankatha kugwada pambali pa galimoto ya munthu amene sakumudziwa, kupaka chala pa dontho, kununkhiza, kenako n'kudikira mwini wake kuti amuuze zoona. Ine ndimagulitsa zitenje ku msika wa alendo wa Mukuni Park. Ndikangowaona akubwera ndinkabisala kuseri kwa nsalu, chifukwa ndinkadziwa kuti posachedwa wa takisi wina auzidwa, pamaso pa azungu ake, kuti galimoto yake ikukodza ngati khanda lopanda thewera. Ku mathithi a Mosi-oa-Tunya anapitako kamodzi kokha, abale atabwera kuchokera kumudzi. Alendo anakaona madzi, iwo anatsala poimika magalimoto akuyendera mabasi a alendo mmodzimmodzi, ndipo pobwerera anatiuza kuti ulendo unali wabwino.

Munthu akabwera ndi galimoto yodontha, tsiku limenelo sankagwira sipanala. Ankayamba ndi kutsuka injini yonse ndi palafini ndi sopo, n'kuisiya iume padzuwa. Ikauma ankaiwaza pawudala woyera, ndipo pawudala wa mwana wanga Chisomo anathera mu mainjini a anthu a Malota. Kenako ankayala katoni yoyera pansi pa galimoto, kuipsinja ndi miyala m'makona, n'kumuuza mwini wake kuti apite kwawo wapansi, adzabwere m'mawa. Mabwana ena ankanyanyala, koma apongozi sankasintha mawu. M'mawa ankasolola katoni ija n'kuiwerenga. Dontho lakuda, kapena looneka ngati tiyi wopanda mkaka, linali la injini. Lofiira linali la chiwongolero kapena la galimoto zosintha zokha magiya. Lonunkha dzira lovunda linali la giyabokosi. Akatero ankaliza injini n'kumatsatira kamzere kakuda mu pawudala muja, kukwera nako mpaka pamene kayambira.

Ankakonda kunena kuti oyilo sakwera phiri, amatsika, ndipo mphepo ya pamsewu imamukankhira kumbuyo, choncho pamene dontho lagwera si pamene pali bala. Anthu ambiri ankabwera atauzidwa kale kwina kuti injini yonse itsitsidwe, koma iwo n'kupeza kuti ndi gasiketi, mphira yotseka pa chivundikiro cha pamwamba, imene yauma ndi kutentha. Zikatero sankangosangalala mwakachetechete ayi. Ankafunsa dzina la makaniko amene ananena zimenezo, ndipo madzulo dzinalo linkamveka mpaka ku msika.

Ankakangana ndi aliyense. Ankakangana ndi anyamata ogulitsa oyilo wa m'mabotolo a zakumwa m'mbali mwa msewu, amene ankati ndi oyilo wotha ntchito wosefedwa ndi sokosi. Ankakangana ndi amakaniko othira oyilo wolemera kwambiri mu galimoto yodontha kuti dontho lichepe, ati kumeneko ndi kuphimba chilonda ndi chitenje chatsopano. Mwana wawo weniweni, bambo ake a Chisomo, atagula kagalimoto ka ku Japan n'kuthiramo oyilo wolemera pomvera anzawo a kuhotela kumene amagwira ntchito, apongozi anawakhuthulitsa oyilo yense tsiku lomwelo. Anawalozera nambala yolembedwa pa chitsekero cha injini n'kuwafunsa ngati sukulu yonse ija inali yongopita kukadya. Galimoto zatsopanozi, iwo ankati, zimafuna oyilo wopepuka amene opanga analemba, pamene pikapu yakale imene yadya dzuwa la Livingstone ingalandire wolemererapo pang'ono. Fyuluta, chosefera oyilo, ankaiyeza m'manja ndi kusuzumira mkati mwake. Ikakhala yopepuka ngati chitini chopanda kanthu, inkauluka kudumpha mpanda, ndipo mwini wake ankakaitola yekha.

Koma mkangano umene ankaukonda unali wa ba Muleya. Ba Muleya ndi Mtonga wobadwira m'tauni muno, ali ndi pikapu yoyera imene amanyamulira katundu wa anthu a kumsika. Madzulo aliwonse ankakhala pa benchi pansi pa mango, apongozi akumawanena kuti Atonga amakonda ng'ombe kuposa akazi awo, iwo akubweza kuti munthu wodya mbewa asamalankhule pakati pa anthu odya nyama. Ndinkawapatsa tiyi m'makapu awiri ofanana, chifukwa kapu imodzi ikakula mlandu wake unkafika mawa. Nthawi imeneyo pikapu ija kuyambira tsiku limene inagulidwa inali isanagwiridwepo ndi dzanja lina koma la apongozi.

A Daka achiwiri, amene ana a masiku ano anawadziwa, anali munthu wofatsa amene sankagwadanso pa magalimoto a alendo. Anali ndi chizolowezi chimene makasitomala atsopano ankadabwa nacho. Fyuluta ya oyilo imakhala ndi kamphira kozungulira kukamwa kwake, kamene kamatseka kuti oyilo asatuluke. Apongozi akamasula fyuluta yakale ankatuluka pansi pa galimoto, n'kuiika m'manja mwa mwini galimoto, n'kumuuza kuti aloze yekha kamphirako ndi chala. Akapanda kukaloza, yatsopano sinkamangidwa. Ndipo pa mtengo wa mango, pamtunda wa maso a munthu, panali msomali pamene panapachikidwa kamphira kakale kamodzi. Wofunsa za kamphirako ankamuyankha osabisa kanthu, nkhani yonse, mawu ali pansi, ngakhale pali ana. Ine nthawi imeneyo ndinkalowa m'nyumba, chifukwa nkhope inkanditentha ngati ndine ndinalakwa.

Nkhani yake inali ya maliro a amayi awo a ba Muleya. Anamwalira kuchipatala kuno mu Okutobala, mwezi umene ngakhale agalu a Malota sauwa masana, ndipo anayenera kukaikidwa kumudzi kwawo kupitirira Zimba. Ba Muleya anafuna kuwanyamula okha amayi awo pa pikapu yawo. Apongozi ndi amene anaumirira kuti galimoto singanyamule mayi wamkulu ndi oyilo wakale. Linali Lamlungu, sitolo imene ankaikhulupirira inali yotseka, ndiye ba Muleya anagula fyuluta pa kathebulo ka kumsika. M'mawa wa ulendo pikapu inalowa pabwalo pathu, ndipo anthu a pamaliro, poti nyumba ndi za msewu umodzi, anaunjikana pa geti kudikira.

Apongozi anaiyeza fyuluta ija m'manja, n'kuyamba. Sanaiponye kunja kwa mpanda chifukwa panalibe ina, koma pakamwa sanatseke. Analowa pansi pa galimoto, ife tikungoona miyendo, mawu akutuluka okha.

"Iwe Muleya, ng'ombe zonse zija uli nazo kumunzi, amai bako wabagulila chikopo cha mkaka? Ikakutaya pa njila usakambe ati Daka sanakuuze."

Anthu ena anaseka chobisa, ena anayang'ana pansi. Ba Mutinta, mlongo wawo wamkulu wa ba Muleya, anali ataima pa geti ndipo anamva zonse. Azimayi anali atayamba kuimba, dzuwa likukwera, a kumotchale akudikira. Apongozi anamanga fyuluta, anathira oyilo, analiza injini, anasuzumira pansi kamodzi, n'kunena kuti tiyeni. Panalibe katoni, panalibe kudikira kuti injini itenthe. M'zaka zonse zimene ndinakhala pakhomo pano, galimoto imeneyo yokha ndi imene ndinaiona ikutuluka mothamanga chomwecho.

Ife tinali mu kabasi kotsatira pambuyo, apongozi ali kutsogolo pafupi ndi dalaivala. Titatuluka m'tauni pa msewu wa ku Lusaka, tauni itabisika, tinayamba kuona mzere wakuda pa tala ukuchokera pansi pa pikapu. Dalaivala wathu analiza hutala, koma ba Muleya, misozi ili m'maso ndi nyimbo zili kumbuyo, sanamve msanga. Pikapu inatulutsa utsi, inagogoda ngati munthu akumenya chitseko cha malata, n'kuzima. Injini inali itauma n'kugwirana.

Bokosi analitsitsa chifukwa malata a pikapu anali akuotcha. Analiika m'mbali mwa msewu pansi pa kamtengo kopanda masamba, ndipo ife azimayi tinavula zitenje zapamwamba n'kuzigwira m'makona kuti tichite mthunzi. Malole opita ku malire ankadutsa akutiwaza fumbi. Mu kabasi bokosi silikanalowa. Sindinena zambiri, inali Okutobala, ndipo tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza inaima lole imene inali itatsitsa makala m'tauni ikubwerera yopanda katundu. Mayi uja, amene moyo wake wonse ankasita ngakhale mpango wa kumutu, anafika kwawo pa lole ya makala, nsalu yoyera ya pabokosi itada bii. Asanakwere, ba Mutinta anaima pakati pa msewu n'kumulankhula mlongo wawo m'Chitonga. Ine Chitonga ndimachimva mwa apo ndi apo, koma tsiku limenelo ndinamva zonse: kuti a Daka anamuchenjeza anthu onse akumva, ndipo kuti kuumira kwake kwawagoneka amayi awo pamsewu ngati thumba.

Nthawi yonseyo apongozi anali pansi pa pikapu, atagona pa tala wotentha ndi jekete yawo ya tchalitchi. Zimene anapeza tinadzazidziwa pambuyo pake, koma ndizinene pano. Pomasula fyuluta yakale m'mawa muja, kamphira kake kanatsalira, katamatirira ku injini. Zimachitika, ndipo makaniko aliyense amadziwa kuti uyenera kuyang'ana. Iwo sanayang'ane, chifukwa anali otanganidwa ndi kunyoza mnzawo. Fyuluta yatsopano inakhala pamwamba pa kamphira kakale, timphira tiwiri togundana, ndipo injini itatentha pamsewu kamodzi kanaterereka, oyilo yense n'kupopedwa kunja. Fyuluta ya kumsika ija inalibe vuto lililonse. Anatuluka pansi paja nkhope itatuwa, fyuluta ili m'dzanja limodzi, dzanja lina lili m'thumba. Amuna anawazungulira kufunsa ngati ndi fyulutayo. Iwo anangoyang'ana pansi, ndipo anthu anati mkuluyu akumumvera chisoni mnzake.

Jekete ija ndinaichapa ndine. M'thumba munali banga la oyilo ndi kamphira kakuda kophwanyika mbali imodzi. Zinthu zotere m'matumba awo sizinali zachilendo, ndiye ndinangokaponya m'kapu mmene ndimasungira mabatani.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti mbiri yawo inakwera chifukwa cha tsiku limenelo. Tauni yonse inkakamba za mdala amene anaiona fyuluta yabodza ndi dzanja lokha. Magalimoto anachuluka mpaka ena ankaima kunja kwa mpanda. Koma iwo anasiya kudya bwino, anasiya kukangana, ndipo munthu akayamba kuwatamanda ankalowa pansi pa galimoto ngakhale palibe chokonza. Pikapu anaikokera pakhomo, anaiphwasula injini yonse, n'kuimanganso pang'onopang'ono mpaka mvula inayamba, osalola kuti ba Muleya awapatse kanthu. Ba Muleya nawo anali ataonda. Ba Mutinta anasiya kuwalankhula, kumudzi akafika palibe amene ankawapatsa mpando, ndipo madzulo ankabwera pa benchi ija osati kudzanyozana za mbewa koma kudzalira. Ndinawamva ndi makutu anga akunena kuti amayi awo anawachititsa manyazi ndi manja awo, ndi kuti pa dziko lonse a Daka okha ndi amene sanawataye. Apongozi ankangoti imwa tiyi.

Pikapu italira, ba Muleya anapita kwa m'bale wina n'kubwera ndi mbuzi yaikulu ya mawanga. Anaitsitsa pabwalo pathu anthu oyandikana nawo akuona, anawomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti mnzawoyu ndi m'bale kuposa obadwa nawo. Mbuzi inamangidwa pa mtengo wa mango. Inadya ndiwo zanga za kuseri, inatafuna chitenje changa cha pa chingwe, ndipo inkalira tsiku lonse pamutu pa apongozi akugwira ntchito. Khirisimasi itafika amuna anga ananola mpeni, koma apongozi anati isakhudzidwe. Chaka chatsopano chimodzimodzi. Tinayamba kunong'onezana kuti mwina mutu wayamba kusokonekera, chifukwa tinkawapeza ataima akuyang'anizana ndi mbuzi, sipanala ili lende m'manja.

Loweruka lina m'mawa anandiitana ndikusesa. Anali atavala jekete ija.

"Amake Chisomo, kaja kanthu munapeza mu thumba, munataya?"

Ndinakatenga m'kapu ya mabatani n'kuwapatsa ndi manja awiri. Anakayang'ana nthawi yaitali, kenako anamasula mbuzi n'kundiuza kuti ndimange chitenje, chifukwa mbuzi siyenda yokha, pamafunika wina woikankha kumbuyo. Tinayenda choncho mu msewu wa Malota dzuwa lili phwee, iwo kutsogolo ndi chingwe, ine kumbuyo ndi kamtengo. Anyamata a pa shopu anafunsa ngati ba Daka ayamba bizinesi ya mbuzi. Iwo anangopitiriza kukoka chingwe, ndipo apa m'pamene mtima wanga unayamba kuchita mantha, chifukwa munthu uja sankasiya mawu pansi.

Tinawapeza ba Muleya akutsuka pikapu, akazi awo, bina Choolwe, akusesa pakhonde. Apongozi anagwada m'matope momwemo, munthu wa imvi, n'kutambasula dzanja.

"Muleya, filita yako inalibe mulandu. Ni ine. Ninasiya aka ku injini. Ninakapeza pa tala paja, ninakabisa mu thumba."

Ba Muleya anatenga kamphira kaja, anakatembenuza, ndipo poti anakhala zaka zambiri pafupi ndi makaniko, sanafunikire kufotokozeredwa. Madzi ankangodontha ku nsanza imene inali m'dzanja lawo lina. Ine ndinali nditagwada kumbuyo ndi mbuzi, ndikufuna nthaka itseguke ndilowe. Atalankhula, analankhula motsitsa kwambiri.

"Kusiya aka, aliyense angasiye, Daka. Koma unanileka nizibwela kulila pa nyumba pako. Unali kunipasa na tiyi."

Anawabwezera kamphirako m'manja, anawauza kuti amange mbuzi pa mpanda, ndi kuti nkhaniyi akawauze ba Mutinta, osati iwo. Kenako anapitiriza kutsuka galimoto ngati palibe munthu.

M'mawa mwake apongozi anakwera basi okha kupita kwa ba Mutinta kumudzi kuja. Zimene zinakambidwa kumeneko sanatiuze. Anabwerako mawondo a buluku ali mbuu ndi fumbi, anapempha hamala ndi msomali, n'kupachika kamphira kaja pa mango. Ba Mutinta ndi mlongo wawo anayambanso kulankhulana, ngakhale bina Choolwe amati mawu a pamsewu aja sanachoke pakati pawo mpaka mayiyo anamwalira. M'tauni nkhani inayenda mofulumira kuposa yoyamba ija. Amakaniko onse amene apongozi anawanyozapo anapeza tsiku lawo. Ana a mu msewu anawapatsa dzina loti ba Mphira Ziwiri, ndipo Chisomo anabwerako ku sukulu akulira chifukwa cha dzinalo. Ku Mukuni Park ndinkafika n'kupeza anthu asiya kulankhula mwadzidzidzi. Ndinawakwiyira apongozi, sindibisa. Ndinawakwiyira chifukwa chobisa, ndipo masiku ena ndinkawakwiyiranso chifukwa choulula.

Ba Muleya sanatukwane, sanapite ku khoti, sanasamuke. Anangosiya kulowa. Akakumana ku tchalitchi ankakweza dzanja chapatali. Pikapu inayamba kupita kwa amakaniko ena, koma njira yake ya tsiku ndi tsiku inali yodutsa pa geti pathu pomwe, pamene pali chitunda choti galimoto ichepetse liwiro. Ikadutsa, apongozi ankadikira kuti ikhote, kenako ankatuluka mwakachetechete n'kukagwada pamsewu. Akapeza dontho ankalipaka pa chala, kununkhiza, kuyang'ana kuti lagwera mbali iti ya matayala. Munthu amene kale ankaimitsa mabwana m'tauni analibe pakamwa pouzira mnzake wa nyumba zochepa kuchokera pathu.

Ndiye uthenga unkadutsa mwa ine. Bina Choolwe amagulitsa madengu pafupi ndi tebulo langa. Apongozi ankandiuza, akuyang'ana kumbali, kuti ngati nditakumana ndi munthu wina wake ndinganene kuti ndi gasiketi ya pamwamba chabe, asalole kuti amutsitsire injini. Tsiku lina unali uthenga woti oyilo amene akumuthirira ndi wopepuka kwambiri pa injini yokalamba chomwecho. Ine ndinkauza bina Choolwe tikupinda nsalu, iwo n'kukauza amuna awo kuti anamva kwa munthu wina mu basi. Tinachita zimenezi zaka zonsezo, azimayi awiri osadziwa kuyendetsa ngakhale njinga, tikunyamula mayina a zitsulo ngati miseche.

Atagona osadzukanso, maso atafooka, ankanditumabe pamsewu ndi kapepala kuti ndikadinde dontho ndiwabweretsere. Uthenga womaliza unali woti silu, mphira yotseka oyilo kumbuyo kwa injini, yatha, aisinthe isanamutaye panjira. Amuna anga anawafunsa ngati akufuna kuti tikawaitane ba Muleya. Anakana. Anati munthu amene unamulakwira sumuitana kuti abwere adzakupepuze, amabwera yekha kapena sabwera.

Tsiku loyamba la maliro ba Muleya sanabwere, lachiwiri sanabwere. Bina Choolwe anabwera okha, anakhala nane kuseri, ndipo nditawayang'ana anangopukusa mutu kuti sakudziwa. A mpingo anali atakonza kale lole yonyamula bokosi. Madzulo oti mawa tikuika, dzuwa lisanalowe, ndinamva injini imene ndingaizindikire ngakhale ndili m'tulo. Pikapu inaima pa geti osaliza hutala. Amuna anga anatsegula, ndipo inalowa pang'onopang'ono, anthu akusuntha mipando, mpaka inakaima pansi pa mango. Ba Muleya anatsika ndi ndodo. Sanapatse munthu moni. Anapita kuseri kwa kashedi kumene apongozi ankasunga makatoni, anasankha yoyera, anagwada movutikira n'kuiyala pansi pa galimoto, anapsinja makona ndi miyala yomwe ija. Atatero anakakhala pakati pa amuna.

M'mawa, bokosi litabwera, ba Muleya anasolola katoni ija n'kundiitana.

"Amake Chisomo, bwelani muone. Maso yanga yanasila."

Ndinagwada, ndinaiyang'ana kona ndi kona, ndinaipendeketsa ku dzuwa monga ankachitira apongozi. Ndinawauza kuti palibe ngakhale dontho.

"Silu ya kumbuyo," anatero. "Ninachinja, monga mwamene anakambila munthu wa mu basi. Muganiza sininali kuziba?" Anatembenukira kwa amuna anga. "Lole ibwelele. Muikeni apa. Uyu sazakhala pa msewu."

Amuna akukweza bokosi, ba Muleya anapita pa mtengo, anatambasula dzanja, anachotsa kamphira kaja pa msomali n'kukaika m'thumba la jekete yawo. Anati kakhalapo nthawi yaitali. Mawu oti ndakhululuka sanawanene, kumanda sanalankhule, ndipo sindinawafunse. Ine amene ndinali nditauma maso masiku onse a maliro ndinalira pamenepo mpaka bina Choolwe anandigwira.

Tsopano pansi pa mango palibe galimoto. Zipangizo anagawana adzukulu, benchi ili mbali imodzi mwendo utathyoka, ndipo nthaka ya pamalopo ndi yoyera kuposa ya galaji iliyonse m'tauni muno, chifukwa mwini wake sankalola oyilo kugwera pa dothi. Katoni ija ba Muleya anaibwezera pomwe inali, ndipo ikadali pomwepo ndi miyala yake, yayamba kupindika ndi dzuwa. Mvula ikabwera idzaitenga. M'mawa ndikamasesa ndimaizungulira. Pikapu imadutsabe, imachepetsa liwiro pa chitunda, ndipo masiku ano imaliza hutala kamodzi, koma palibe wotuluka kukagwada pamsewu. Pa mtengo patsala msomali wadzimbiri, ndi kabwalo kotuwa pa khungwa pamene kamphira kanakhala zaka zonsezo.